"Knock off": mawu a pa esiteti amene anafika m'kalasi ku Milange

Ku Malawi mlonda, namwino ngakhale mwana wa sukulu akafuna kunena za kuweruka m'Chingerezi amati "knock off". Anthu a ku Milange amene amaoloka mtsinje wa Muloza kukagulitsa chimanga kapena kukaona abale amawamva mawuwa kawirikawiri. Koma m'madikishonale a ku Britain tanthauzo la kuwerukali ndi limodzi chabe mwa angapo, ndipo amaliika m'gulu la mawu ochezera. Kuno ndilo lakhala tanthauzo loyamba. Chifukwa chake chili m'mbiri ya ntchito m'dera lathu, ndipo mphunzitsi wa Chingerezi ku Milange akaidziwa mbiriyo ikhoza kumupeputsira phunziro lovuta.

Vuto la aneni otere si la lero. Mu 1755 Samuel Johnson, polemba mawu otsogolera dikishonale yake, anaona kale kuti mneni akaphatikizidwa ndi kamawu ngati "off" kapena "up" amasintha tanthauzo mwa njira imene imazunguza alendo ophunzira Chingerezi. Dzina lakuti "phrasal verb" linafala pambuyo pake, kuchokera m'buku la Logan Pearsall Smith la mu 1925. "Knock off" wa kuleka ntchito analipo kale m'zaka za m'ma 1600. Matanthauzo ena anadza pang'onopang'ono: kupanga chinthu mothamanga, kuchotsako pa mtengo wa katundu, kuba, kupha. M'zaka za m'ma 1960 dzina lakuti "knock-off" linayamba kutanthauza katundu wongotengera, ngati mafoni ndi nsapato zonamizira dzina la kampani zimene timaziona m'misika.

Pangano la Britain ndi Portugal la mu 1891 linadula malire pakati pa anthu amtundu umodzi, Mulanje n'kukhala wa Angerezi, Milange wa Apwitikizi. M'zaka zomwezo Azungu anayamba kubzala tiyi m'munsi mwa phiri la Mulanje, m'minda ngati Lauderdale. Antchito ambiri anachokera mbali ya Mozambique, makamaka Alomwe othawa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Ambiri anakakhala pa malo a Azungu n'kumalipira malowo ndi thukuta lawo, m'dongosolo lija la thangata. Munthu wotere sankaphunzira Chingerezi cha m'buku. Ankamva cha bwana ndi kalaliki, chimene kapitawo ankamasulira: nthawi yoyamba, muyeso wa tsiku, tikiti, nthawi yoweruka. (Mawu akuti kapitawo ndi a Chipwitikizi, "capitão"; pa esiteti zinenero zinkasakanikirana kale.) Ine ndimaona kuti mpamene tanthauzo limodzili linapambanira anzake onse. Wothyola tiyi analibe chifukwa chodziwira "knock off" wa kutsitsa mtengo, koma wa kuweruka ankamuyembekeza tsiku lonse.

Amene anapitirira ku migodi ya ku Joni ndi ku Rhodesia anakapeza chithunzi chomwecho m'zinenero za kumeneko. Chizulu chimati "shayisa" ponena kuweruka, kuchokera ku "shaya", kumenya, ndipo Chishona chimati "kuchayisa". Kumenya ndi kuweruka zinakumana pa chitsulo kapena belu lolengeza kuti nthawi yakwana. Chipwitikizi chinadzera kwina: munthu amati "pegar" poyamba ntchito ndi "despegar" poweruka, ngati wamatidwa kenako wamatuka.

Nkhondo inawonjezera gawo lina. Mu 1986 Renamo inalanda tawuni ya Milange, anthu ambiri n'kuthawira ku Mulanje. Pofika 1992, chaka chimene pangano la mtendere linasainidwa ku Rome pa 4 October, ku Malawi kunali othawa nkhondo a ku Mozambique oposa 1 miliyoni. Anabwerera atakhala zaka pakati pa anthu omva wailesi ya MBC ndi owerenga zikwangwani za Chingerezi. Mozambique inalowa mu Commonwealth mu 1995, ndipo maphunziro atsopano a mu 2004 anaika Chingerezi m'sukulu za pulayimale kuyambira kalasi 6. Choncho mwana wa ku Milange asanatsegule buku la Chingerezi amakhala atamvako kale china kwa agogo, pa msika ndi pa chipata cha malire.

Apa mpamene pali nkhawa yanga. Maphunziro a zinenero ziwiri ku Mozambique anayamba ndi PEBIMO, ntchito yoyeserera ya 1993 mpaka 1997, imene inaphunzitsa Chinyanja ndi Chipwitikizi ku Tete, ndi Chichangana ndi Chipwitikizi ku Gaza. Kuyambira 2003 boma linatsegula makalasi otere m'sukulu zina. Cholinga chonse chinali kuolotsa mwana kuchoka ku chinenero cha kwawo kupita ku Chipwitikizi. Chingerezi chikafika, chizolowezi n'chakuti chimafotokozedwa kudzera m'Chipwitikizi, chinenero chimene sichimanga aneni ndi timawu totsatira chonchi. Mwana amamasulira mawu amodziamodzi: "knock" ndi "bater", kugogoda, "off" amamudziwa pa switchi ya wailesi. Akaphatikiza amapeza kugogoda n'kuzimitsa, zopanda mutu. Pomwepo amakhulupirira kuti Chingerezi n'chongoloweza.

Chichewa chikanamuthandiza msanga. Mwana aliyense amadziwa kuti kugwira mbava, kugwira ntchito, kugwiritsa ntchito ndi kugwirizana n'zosiyana, ngakhale tsinde ndi limodzi. Amadziwa kuti kumenya mwana ndi kumenyera ufulu si mlandu umodzi. Ife timaika kachidutswako m'kati mwa mneni, Angerezi amakaika patsogolo pake ngati mawu apadera, koma ntchito yake njofanana: kamasintha tanthauzo mwa njira imene sungailosere kuchokera pa tsinde lokha. Mphunzitsi amene walemba "-gwira" ndi ana ake pa bolodi, kenako "knock" ndi ana ake pambali, watha theka la phunziro asananene lamulo lililonse.

Ndondomeko ya matanthauzo nayo ndingaisinthe. Ndingayambe ndi kuweruka, popeza ambiri akulidziwa, n'kuwauza ana kuti m'kalata yofunsira ntchito kunja kwa dera lino ndi bwino kulemba "finish work". Lachiwiri likhale la pa msika, pamene wogula amati "ndichotsereniko" ndipo wogulitsa amachotsa makwacha kapena mametikali pang'ono. Lachitatu ndi katundu wonamizira, amene mwana angamuloze m'thumba mwake momwe. Kugwetsa kapu pa tebulo, tanthauzo limene limaoneka lophweka chifukwa mawu onse awiri amasunga tanthauzo lawo, likhoza kudza pambuyo. La kuba ndi kupha lidikire ku sekondale, kumene adzakumane nalo m'mafilimu.