Mpikisano wa mafunso m'kalasi: kaseweredwe kake ndi mmene umathandizira ophunzira kukumbukira

Mpikisano wa mafunso ndi masewera omwe mphunzitsi amagawa ophunzira m'magulu n'kumawafunsa mafunso afupiafupi pa zimene adaphunzira kale. Gulu loyankha molondola limapata mapointi. Aphunzitsi amakonda kuwagwiritsa ntchito pobwereza mbiri yakale, yomwe kusukulu imatchedwa História, phunziro la malo, mitsinje ndi mapiri lotchedwa Geografia, komanso nkhani zimene zikumveka pa wailesi. Masewerawa safuna magetsi kapena kompyuta. Bolodi, choko ndi timapepala n'zokwanira. Koma kuti athandize, mwana aliyense m'kalasi ayenera kufufuza yankho m'mutu mwake. Akamayankha ana atatu kapena anayi okha othamanga pakamwa, ena onse amangokhala oonerera ndipo satolapo kanthu.

Kumene masewerawa adachokera

Kufunsana mopikisana si chinthu chachilendo kwa anthu olankhula Chichewa, chifukwa ana akhala akuponyerana ndagi madzulo kuyambira kalekale. Koma mpikisano wa magulu wokhala ndi mapointi ndi nthawi yoyezedwa udatchuka kudzera pa wailesi ndi kanema. Ku United States, pulogalamu ya College Bowl idayamba pa wailesi ya NBC mu 1953, ndipo inkapikisanitsa magulu a ophunzira a m'mayunivesite. Ku Britain kudayamba University Challenge mu 1962. Mu 1964 Merv Griffin adayambitsa Jeopardy!, yomwe imaika mafunso pa bolodi m'mitu yosiyanasiyana, funso lovuta likukhala ndi mphoto yokulirapo. Aphunzitsi ambiri adatengera kakonzedwe ka bolodi kameneka.

M'zaka za m'ma 1970, David DeVries ndi Keith Edwards a ku yunivesite ya Johns Hopkins adakonza njira yotchedwa Teams-Games-Tournament. M'njirayi gulu lililonse limakhala ndi ana anayi kapena asanu, ochita bwino ndi ovutika pamodzi. Amaphunzitsana okhaokha, kenako aliyense amakapikisana ndi ana a m'magulu ena omwe ali pa msinkhu wofanana naye m'phunzirolo. Motero mwana wovutika amathanso kubweretsa mapointi ku gulu lake. Masiku ano kuli mapulogalamu a pa intaneti monga Kahoot!, yomwe idayamba ku Norway mu 2013, koma malamulo a masewerawa sadasinthe kwenikweni.

Kaseweredwe kake

Mphunzitsi ndiye amagawa magulu. Ana akadzisankhira okha, ochita bwino amaunjikana pamodzi ndipo wopambana amadziwikiratu masewera asanayambe. M'gulu lililonse mwana aliyense amapatsidwa nambala, kuyambira 1 mpaka 5. Pa bolodi pamajambulidwa mizere itatu: História, Geografia ndi nkhani za masiku ano. Pansi pa mutu uliwonse pamalembedwa mapointi 10, 20 ndi 30, malinga ndi kuvuta kwa funso.

Gulu limodzi limasankha mutu ndi mapointi, ndipo mphunzitsi amawerenga funso kawiri. Poyamba aliyense amalemba yankho lake m'kope mwakachetechete. Kenako gulu limakambirana kwa theka la mphindi. Nthawi ikatha, mphunzitsi amatchula nambala imodzi, ndipo ana onse a nambala imeneyo amakweza pepala la yankho la gulu lawo nthawi imodzi. Popeza palibe amene akudziwa nambala yomwe itchulidwe, gulu limaonetsetsa kuti aliyense wamva yankho. Magulu onse oyankha molondola amapata mapointi, osati loyamba kukweza dzanja lokha. M'kalasi ya ana ochuluka, njira imeneyi imachepetsanso phokoso ndi mikangano yakuti wayamba kukweza ndani.

Chifukwa chake amathandiza

Mu 2006, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke a ku Washington University mumzinda wa St. Louis adafalitsa kafukufuku wodziwika bwino pa nkhaniyi. Ophunzira ena adawerenga nkhani mobwereza maulendo anayi. Ena adaiwerenga ulendo umodzi, kenako adauzidwa katatu kuti alembe zonse zimene akukumbukira osayang'ana pa pepala. Patapita mphindi zisanu, owerenga mobwereza ndiwo adachita bwino. Koma patatha sabata imodzi zinthu zidatembenuka: iwo adakumbukira 40 pa 100 ya mfundo za m'nkhaniyo, pamene oyesa kukumbukira okha adafika 61 pa 100. Kulimbana ndi funso mpaka yankho litatuluka m'mutu kumakhazikitsa mfundo kuposa kuiwerenganso.

Nthawi yodikira nayonso ndi yofunika. Mary Budd Rowe, katswiri wa maphunziro a sayansi ku United States, adapeza kuti aphunzitsi ambiri amadikira pafupifupi sekondi imodzi akafunsa funso. Atayamba kudikira masekondi atatu kapena kuposerapo, mayankho adayamba kutalika ndipo ana ambiri adayamba kuyankha, ngakhale omwe kale ankangokhala chete. N'chifukwa chake mpikisano wongothamangitsana umapindulitsa ochepa.

Kukonza mafunso abwino

Funso labwino limakhala ndi yankho limodzi lomveka. Funso lakuti "Dziko la Moçambique lili ndi zigawo zingati?" limabweretsa mkangano, chifukwa wina anena 10, wina 11 powerengera mzinda wa Maputo womwe uli ndi udindo wa chigawo. Chimodzimodzi funso lakuti "Likulu la dziko linali kuti kale?" Lidali pa Ilha de Moçambique mpaka 1898, kenako lidasamukira ku Lourenço Marques, mzinda womwe udasinthidwa dzina kukhala Maputo mu 1976. Mphunzitsi ayenera kutchula chaka chomwe akufuna. Maina enanso amasiyana malinga ndi dziko: nyanja yomwe mabuku a ku Moçambique amaitcha Lago Niassa, ku Malawi imatchedwa nyanja ya Malawi, ndipo mwana wa m'malire angatchule dzina lililonse mwa awiriwa osalakwa.

Mutu umodzi ungathe kubala mafunso a misinkhu itatu. Chitsanzo ndi damu la Cahora Bassa m'chigawo cha Tete. La mapointi 10 lingafunse mtsinje womwe damuli lidamangidwapo, womwe ndi Zambezi. La mapointi 20 lingafunse dziko lomwe limagula magetsi ochuluka ochokera kumeneko, lomwe ndi South Africa. La mapointi 30 lingafunse chifukwa chake tsiku la 27 Novembro 2007 limakumbukiridwa. Yankho lake ndi lakuti ndi pamene ulamuliro wa kampani yoyendetsa damuli udachoka m'manja mwa Portugal kubwera m'manja mwa Moçambique, patatha zaka 32 dziko litalandira ufulu pa 25 Junho 1975. Funso lachitatuli limalumikiza malo, mbiri ndi chuma, ndipo silingayankhidwe pongoloweza chaka.

Mafunso a Geografia amakoma pakakhala mapu. M'malo mongotchula kuti Tete amachita malire ndi Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, mwana angapemphedwe kuloza maikowa pa mapu opanda maina. Angalozenso phiri la Binga m'chigawo cha Manica, lomwe ndi lalitali kuposa onse m'dzikoli ndi mamita 2,436.

Mafunso a nkhani za masiku ano amatha ntchito msanga. Yankho la funso lakuti "Pulezidenti wa dziko ndi ndani?" lidasintha pa 15 Janeiro 2025, pamene Daniel Chapo adalumbiritsidwa kulowa m'malo mwa Filipe Nyusi. Namondwe Idai, yemwe adasakaza mzinda wa Beira mu Março 2019, ndi Freddy, yemwe adagunda Quelimane mu Março 2023, adali nkhani za tsiku, koma lero ndi mbiri. Choncho kapepala kalikonse ka funso kayenera kulembedwa tsiku lomwe kadakonzedwa ndi komwe nkhaniyo idamveka. Mphekesera za pa WhatsApp kapena Facebook zisalowe m'masewera zisanatsimikizidwe, chifukwa bodza lopatsidwa mapointi limakhazikika m'mutu mwa mwana chimodzimodzi choonadi.

Zofunika kusamala

Si nkhani zonse zoyenera kuthamangitsirana mapointi. Pa 16 Dezembro 1972 asilikali a Chipwitikizi adapha anthu wamba mazanamazana ku Wiriyamu ndi m'midzi yozungulira, pafupi ndi mzinda wa Tete. Nkhondo yapachiweniweni, yomwe idatha ndi pangano la mtendere losainidwa ku Roma pa 4 Outubro 1992, idakhudza mabanja a ana ambiri omwe ali m'makalasi lero. Tsiku ndi malo zingafunsidwe, koma zomwe zidachitikazo zimafuna kukambirana modekha kunja kwa mpikisano. Pa ndale za masiku ano, funso lizikhala la zinthu zotsimikizika, monga tsiku la chisankho kapena dzina la udindo, osati lofuna kuti mwana aulule chipani chomwe makolo ake amakonda.

Chilankhulo nachonso chimatha kubisa zimene mwana akudziwa. M'maboma monga Angónia, Tsangano ndi Macanga, ana ambiri amalankhula Chichewa kunyumba ndipo amayamba kumva Chipwitikizi kwambiri akalowa sukulu. Chigawo cha Tete ndi chimodzi mwa ziwiri zomwe zidayeserapo kuphunzitsa m'zilankhulo ziwiri pakati pa 1993 ndi 1997, pogwiritsa ntchito Chinyanja, pamene ku Gaza adagwiritsa ntchito Chichangana. Pa mpikisano, gulu lingaloledwe kukambirana m'Chichewa kenako n'kupereka yankho m'Chipwitikizi, chilankhulo chomwe mayeso ambiri amalembedwera.

Yankho lolakwika lisachotsetse mapointi, ndipo kuseka wolakwa kuletsedwe masewera asanayambe. Mapointi a mpikisano asalowe m'malikisi a mayeso, ndipo magulu azisinthidwa pakapita masabata angapo kuti gulu limodzi lisazolowere kukhala kumapeto.

Masewera akatha

Mphunzitsi amasiya mphindi zisanu zomaliza kuti afotokoze mayankho omwe magulu ambiri adaphonya, chifukwa yankho lolakwika likapanda kukonzedwa limatha kubwereranso pa mayeso. Timapepala ta mafunso amenewo timasungidwa padera n'kubwezeredwa mu mpikisano wa patatha sabata imodzi kapena ziwiri, titasakanizidwa ndi mafunso atsopano. Funso likaphonyedwa ndi magulu onse kawiri, ndiye kuti mutuwo sudamveke ndipo ukufunika kuphunzitsidwanso mayeso asanafike.