Milungu ya Agiriki pa Dambo la Mtunthama

Pamene sukulu ya Kamuzu Academy inatsegulidwa ku Mtunthama mu Novembala 1981, kufupi ndi mtengo wa kachere umene Dr. Banda anaphunzirapo zilembo zake zoyamba, lamulo lake linali lakuti mwana aliyense aphunzire Chilatini ndi Chigiriki. Motero pakati pa minda ya fodya ndi zigafa panayamba kumveka maina achilendo: Zeus, Hera, Apollo. Kholo lachikhristu likhoza kufunsa kuti: kodi nkwabwino mwana wobatizidwa kudziŵa milungu yachikunja? Tisanayankhe, tiyeni tiione milunguyo.

Agiriki analibe buku limodzi loyera. Nthano zao zinkayenda pakamwa, monga zathu, mpaka alakatuli aŵiri, Homer ndi Hesiod, anazisonkhanitsa zaka pafupifupi 700 Ambuye asanabadwe. Hesiod akusimba kuti Kronos, poopa kulandidwa ufumu, ankameza ana ake akangobadwa. Mkazi wake Rhea anatopa nazo. Anakabisa khanda lotsiriza m'phanga pa chilumba cha Crete, napatsa mwamuna wake mwala wokulunga m'nsalu. Khandalo ndiye Zeus. Atakula anasanzitsa bambo wake abale ake onse, namgonjetsa pa nkhondo. Tsono anachita maere: Zeus anatenga thambo, Poseidon nyanja, Hades dziko la akufa.

Likulu lao linali phiri la Olympus, lotalika mamita 2,917. Nsonga yathu ya Sapitwa ku Mulanje imaliposa pang'ono, ndipo nayonso makolo ankaiopa chifukwa cha mizimu. Pa phiripo pankakhala Hera, mkazi wa Zeus ndi mtetezi wa maukwati, ngakhale banja lake lomwe silinkatha ndeu, Athena wanzeru, amene anapatsa mzinda wa Athens mtengo wa azitona, Ares wankhondo, Aphrodite wachikondi, Hephaestus, wosula zitsulo wopunduka mwendo, ndi Hermes, mthenga wao. Kachisi wa Apollo ku Delphi anali ndi mai wolosera, amene mafumu ankakafunsako nzeru, monga momwe Acheŵa ankapitira kwa Makewana ku Msinja mvula ikavuta.

Mlimi wa ku Kasungu sangavutike kumva nthano ya Demeter, mulungu wamkazi wa dzinthu. Hades anaba mwana wake Persephone, ndipo chifukwa cha chisoni cha maiyo mbeu zinakana kumera, njala nigwa pa dziko lonse. Zeus anaŵeruza kuti mtsikanayo abwerere. Koma popeza anali atadya kale njere za chipatso kumanda kuja, anayenera kumabwererako chaka ndi chaka. Akapita nthaka imauma, akabwera kumaphukira msipu.

Koma nthano imene imandigwira mtima koposa ndi ya Prometheus. Iyeyu anaba moto kumwamba napatsa anthu. Zeus anakwiya, nammangirira pa thanthwe, kumene chiwombankhanga chinkadya chiŵindi chake tsiku ndi tsiku. Makolo athu nawo ankati ku Kaphirintiwa, ku Dzalanyama, Chauta, anthu ndi nyama ankakhalira limodzi mwamtendere, kufikira tsiku limene munthu anapeka moto. Tchire linayaka, nyama zinathaŵa, Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude, ndipo imfa inayamba. Mitundu iŵiri yotalikirana chotere inaona chimodzi: luso la munthu linabwera pamodzi ndi kupatukana kwake ndi Mulungu. Kusiyana kwake nkwakuti Chauta anachoka atapsa ndi zochita za munthu, pamene Zeus anali wansanje, womana.

Pamenepa mpamene pagona chofooka cha milungu ya Olympus. Inali yosafa, koma sinali yoyera: inkanama, kuba ndi kuchita chigololo. Agiriki ena anaziona okha. Xenophanes, zaka zoposa 500 Ambuye asanabadwe, anadzudzula Homer ndi Hesiod pa chifukwa chomwechi, nanena kuti ng'ombe zikadadziŵa kujambula, milungu yao ikadakhala ng'ombe. Socrates anaphedwa mu 399 B.C., mlandu wina uli wakuti sankalemekeza milungu ya mzinda.

Tsono funso la kholo lija. Ine ndikuti mwana aziphunzire, pakuti wosadziŵa milunguyi sangamve bwino buku la Ntchito za Atumwi. Pa mutu 14, Paulo atachiritsa wopunduka ku Lystra, anthu anatcha Barnabas kuti Zeus ndi Paulo kuti Hermes, popeza ndiye ankalankhula. Wansembe anafika ndi ng'ombe kuti apereke nsembe, atumwiwo nang'amba zovala zao. Pa mutu 17, ku Athens, Paulo anavutika mumtima poona mafano, komabe sanayambe ndi chipongwe. Anayambira pa guwa limene analipeza loperekedwa kwa mulungu wosadziŵika, natchulanso mau a alakatuli ao omwe. Atafika pa za kuuka kwa akufa, ena anamseka, ena anati adzamumvanso tsiku lina. Amene anakhulupirira anali oŵerengeka, ndipo Luka anasunga maina aŵiri okha: Dionysius ndi mai wina dzina lake Damaris.