Misasa ya m'mbali mwa Nsadzu

Ku Chadiza, kugona m'tchire pafupi ndi madzi sikunayambe ndi matenti. Alenje, ofula njuchi ndi alimi a m'madimba a m'mbali mwa mtsinje wa Nsadzu ankazika mitengo ingapo, kuyedzeka nthambi, kufolera ndi udzu, basi msasa watha. Moto unkayaka usiku wonse kuopa afisi. Malo ake ankawasankha mwanzeru, pamtunda pang'ono, chifukwa mtsinje wouma m'chilimwe umatha kusefukira usiku umodzi mvula ikagwa kumapiri. Ndipo tchire silinali lopanda mwini: mlendo ankayamba waonekera kwa nyakwawa, popeza nthakayo ili m'manja mwa mafumu monga Mlolo, Zingalume ndi Mwangala.

Misasa yomvetsa chisoni inadza m'zaka za m'ma 1980. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itakula ku Tete m'dziko la Mozambique, mabanja anaoloka malire n'kumanga zisakasa kufupi ndi abale awo achichewa, mpaka boma litatsegula msasa wa othawa nkhondo wa Ukwimi ku Petauke mu 1987 n'kusamutsirako ambiri. Mtendere unasainidwa ku Rome mu 1992, anthu n'kuyamba kubwerera kwawo.

Luso lomanga misasa likadalipo, ndipo n'loyenera kulinyadira. Kumapeto kwa Ogasiti, anthu a ku Chadiza amanyamula ufa, miphika ndi mphasa kupita ku Mkaika m'boma la Katete ku Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, mwambo womwe unatsitsimutsidwa mu 1984. Gulu lililonse limagona m'misasa yaudzu, pafupi ndi anzawo ochokera ku Malawi ndi Mozambique.