Severance

Sewero la pa kanema la ku America lomwe linayamba kuonetsedwa pa Apple TV+ mu Febuluwale 2022. Mwini nkhaniyi ndi Dan Erickson, ndipo Ben Stiller ndiye anatsogolera kujambula zigawo zambiri. Antchito ena a kampani ya Lumon Industries amawaika kachipangizo mu ubongo kogawa chikumbukiro pawiri: akalowa mu ofesi sakumbukanso kwawo, akaweruka sadziwa chomwe agwira. Mark Scout, yemwe amaseweredwa ndi Adam Scott, anavomera zimenezi pothawa chisoni chotaya mkazi wake. Koma Mark wamuofesiyo sagona, salandira malipiro m'manja, ndipo sangasiye ntchito payekha. Ndi ukapolo weniweni. Woperekera zakudya m'mahotela a ku Senga Bay, womwetulira alendo pomwe mwana akudwala kunyumba, angaimve msanga nkhaniyi. Mndandanda wachiwiri wa zigawo za seweroli unayamba mu Januwale 2025.