Zimene Kamera Inaona m'Mapiri a Dowa ndi Ntchisi

Nkhani yathu ya mbiri yakale lero ikutitengera ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi, dziko lozizira ndi la mphepo, kumene madzi a mvula amagaŵikana paŵiri. Ena amatsata mitsinje monga Kasangadzi kukathira mu Bua, ena amagwera kum'maŵa kutsata Lingadzi mpaka kunyanja. Lero sitikamba za nkhondo kapena za mndandanda wa mafumu. Tikamba za zithunzi, makamaka zija zojambulidwa ndi anthu amene kujambula sinali ntchito yawo yodyera: dokotala, mbusa, mphunzitsi, kalaliki wa pa boma, amene anangokonda kuimika kamera patsogolo pa phiri, mtsinje kapena nyumba yakale. Mwa zonse zimene zinachitika m'mapiri aŵa, n'ziti zinaloŵa m'kamera, ndipo n'ziti zinatsala kunja?

Tiyambe tatsikira kumwera, pakuti kamera inaloŵa m'dziko muno kudzera pa madzi. Pa ulendo wa David Livingstone wa pa Zambezi ndi Shire, umene unayamba mu 1858, munthu amene anapatsidwa ntchito yojambula anali mng'ono wake, Charles Livingstone. Iye anagwiritsa ntchito magalasi opakidwa mankhwala amadzi, amene amafunika kutsukidwa asanaume, ndipo m'kutentha kwa chigwa cha Zambezi ntchitoyo sinamuyendere. Amene anatisiyira zithunzi zooneka bwino ndi John Kirk, dokotala wa ulendowo ndi katswiri wa zomera, yemwe dzina lake lili pa mapiri a Kirk Range ku Ntcheu ndi Neno. Kirk ankajambula mwa kukonda chabe. Iye anasankha njira yakale ya pepala lopakidwa phula, limene munthu amatha kulikonzeratu n'kuyenda nalo masiku angapo.

Njira imeneyi inali ndi vuto limodzi lomwe linasiya chizindikiro pa mbiri yathu. Pepalalo linkafuna mphindi zingapo kuti ligwire chithunzi, choncho chilichonse choyenda chinkafufutika. Mayi wosenza mtsuko, mnyamata wopalasa bwato, mbuzi yodutsa, zonsezi kamera sinkazigwira. Chimene chinkatsala pa pepala ndi chokhacho choima nji: mlambe wa ku Shupanga, nyumba, sitima yokocheza pa gombe, miyala ya mumtsinje. Munthu woona zithunzi zimenezo lero angaganize kuti dziko linali lopanda anthu, pamene midzi inali yodzaza.

Ku mapiri a Dowa kamera inakwera pambuyo pake, pamodzi ndi amishoni a Dutch Reformed ochokera ku Cape. Mu November 1889 Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok anamanga msasa pa Mvera, m'dziko la Inkosi Chiwere. Mu 1894 Robert Blake anatsegula Kongwe pafupi ndi Inkosi Msakambewa, ndipo sukulu ya sekondale ya pamalopo imatchedwa dzina lake mpaka lero. Nkhoma inatsatira mu 1896. Pofika nthaŵi imeneyo kujambula kunali kutapepuka. George Eastman anatulutsa kamera ya Kodak ya filimu yokulunga mu 1888, ndipo mu 1900 kunabwera kabokosi kotchedwa Brownie kamene kankagulidwa dola imodzi. Mmishonale, mkazi wake kapena namwino ankatha tsopano kujambula popanda kusenza mahema ndi mabotolo a mankhwala.

Nanga ankajambula chiyani? Tikumbukire kuti zithunzizo zinali ndi kopita. Zinkatumizidwa kwa abale ndi kwa mipingo ya ku South Africa imene inkasonkha ndalama zoyendetsera mishoni, ndipo zambiri zasungidwa m'nkhokwe ya zakale ya mpingowo ku Stellenbosch. Wopereka ndalama amafuna kuona kumene ndalama yake yagwera. N'chifukwa chake m'zithunzi za amishoni mumachuluka njerwa: tchalitchi, sukulu, chipatala, nyumba ya khonde lalikulu, ana a sukulu atandandalika pamzere. Mudzi wa Acheŵa kapena wa Angoni umaloŵamo kaŵirikaŵiri ngati chinthu choyerekezera, kuti woona anene kuti kale kunali chonchi, tsopano kuli chonchi. Sitikunyoza ntchito ya anthu amenewo, pakuti popanda iwo sitikanakhala ndi chooneka chilichonse cha zaka zimenezo. Koma woona chithunzi ayenera kufunsa amene anagwira kamera, ndi amene ankayembekezera chithunzicho kutsidya.

Taganizirani za mfumu Msyamboza wa ku Chibanzi, m'dera lomweli, yemwe anatchuka ndi ulimi wothirira ndi kulima tirigu. Chimene chatisungira moyo wa mudzi wake ndi cholembera cha Samuel Josia Ntara, mphunzitsi amene analemba buku la Msyamboza lomwe linatuluka mu 1949. Bwalo la milandu, nkhokwe, ngalande za m'dimba, kachisi wa m'nkhalango, ulalo wa mitengo pa mtsinje, mabiyo otchera mpasa zikamakwera Bua nthaŵi ya dzinja, zonsezi zinamangidwa ndi mitengo, udzu ndi dothi. Chiswe ndi moto sizizichedwetsa. Nyumba ya njerwa ili ndi mwaŵi paŵiri: imakhalitsa, ndiponso ndiyo inkakopa kamera.

Chitsanzo chabwino chili pa phiri la Ntchisi. M'mphepete mwa nkhalango muli nyumba yomangidwa mu 1914 kuti bwana Disi wa ku Nkhotakota azithaŵirako kutentha kwa kunyanja. Lero ndi malo ogona alendo, ndipo yajambulidwa kosaŵerengeka, pamodzi ndi nyanja imene imaonekera patali kukakhala kopanda nkhungu. Koma nkhalango yomweyo ili ndi mbiri yakale kuposa nyumbayo. Ndi m'mene Acheŵa ankabisala pa nthaŵi ya nkhondo za Angoni, ndipo ulemu umene anthu anaipatsa unathandiza kuti mitengo yake ikuluikulu isagwetsedwe pamene mapiri oyandikana nawo ankametedwa. Mlendo amajambula khonde la bwana Disi chifukwa likuoneka. Pobisalira makolo palibe chikwangwani, ndipo amene sanafunse akulu a m'midzi yozungulira amadutsapo kamera ili m'thumba.

Pali wina amene anganene kuti chithunzi ndi choseŵeretsa, mbiri yeniyeni ili m'makalata a boma. Ameneyo akumbuke kuti mu 1919 moto unatentha maofesi akuluakulu a boma ku Zomba, ndipo makalata ambiri a zaka zoyambirira za utsamunda anapsera momwemo. Akumbukenso za tchalitchi chachikulu cha njerwa chimene John Chilembwe anamanga ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu. Itatha nkhondo ya mu January 1915, asilikali a boma anachiphulitsa. Tikudziŵa maonekedwe ake chifukwa chinajambulidwa chisanagwe. Ndipo nkhope ya Chilembwe ndi banja lake tinaisungiridwa ndi Mmalaŵi mnzathu, Mungo Murray Chisuse, wosindikiza mabuku pa mishoni ya Blantyre amene anaphunzira ntchito ku Scotland, ndipo ndi mmodzi mwa Amalaŵi oyamba kugwira kamera. Kamera itagwidwa ndi mwini dziko, inaloza kwina.

Tibwerere ku Dowa. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 kamera inafika m'midzi pa njinga. Ambiri a inu mukumkumbukira wojambula uja wa kamera yolendeŵera pakhosi, amene ankapezeka pa ukwati, pa ubatizo ndi pa tsiku lotsekera sukulu, n'kutenga dipoziti, n'kupita ndi filimu ku tauni kukatsukitsa, inu n'kudikira milungu. Ena anali aphunzitsi ongofuna ya sopo. Iwo sankaganiza n'komwe kuti akulemba mbiri. Ankajambula mkwati ndi mkwatibwi. Koma mkwati sangaime m'malere: kumbuyo kwake kuli tchalitchi chofolera ndi udzu chimene chinagwetsedwa, kuli sitolo ya pa Mponela kapena pa Madisi imene inasintha mwini katatu, kuli phiri lodzaza ndi misuku ndi mitondo.

Phirilo ndilo ndikufuna muliyang'anitsitse. Fodya wochiza ndi utsi anafalikira m'maboma a Lilongwe ndi Dowa kuyambira m'ma 1920, pamene A.F. Barron anayamba kugaŵira mbewu alimi a m'midzi, ndipo mu 1926 boma linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board. Fodya amadya mitengo, kaya ndi nkhuni zofukizira, kaya ndi mapaso ndi mafoloko a chigafa. Pamwamba pake panadza uvuni wa njerwa, makala ndi kuchuluka kwa anthu. Mtengo umagwa umodziumodzi, moti maso a munthu wokhala pomwepo saona kusintha. Mukaika chithunzi cha ukwati wa makolo anu pambali pa chimene mungajambule lero mutaima pamalo omwewo, mudzaona zaka makumi anayi pa kamphindi, ndipo mudzamvetsa chifukwa chake mtsinje umene agogo ankawoloka madzi ali m'chiuno umauma mwezi wa September usanathe. Kwa ine, zithunzi zosafuna zimenezi n'zodalirika kuposa zija zokonzedwa, chifukwa palibe amene anakongoletsa kumbuyoko.

Tsopano tifike pa malo amene kamera sinkaloledwa. Pafupi ndi boma la Dowa, makilomita pafupifupi 45 kuchokera ku Lilongwe, pali Dzaleka. Pa ulamuliro wa chipani chimodzi wa Dr. Hastings Kamuzu Banda pamenepa panali ndende ya anthu omangidwa pa zifukwa za ndale, ambiri a iwo osazengedwa mlandu. Dzina lenilenilo limamveka ngati lonjezo la munthu wolangidwa, lakuti ndidzaleka. Panatsekeredwa anthu zikwizikwi, kuphatikizapo a Mboni za Yehova, amene mpingo wawo unaletsedwa mu 1967 ndipo ambiri anatumizidwa kuno cha pakati pa zaka za m'ma 1970. Mphunzitsi wa kamera uja, amene ankajambula momasuka pa bwalo la sukulu, ankadziŵa bwino lomwe kuti kuiloza ku mpanda umenewo kunali kudziitanira malo m'katimo. Choncho zimene dziko limadziŵa za Dzaleka wa masiku amenewo zinatuluka pakamwa pa omangidwa ndi m'zolemba zawo: kuzizira kwa usiku, ntchito yakalavulagaga, matenda, imfa. Nyumba yopumuliramo bwana Disi ili ndi zithunzi zodzaza mabuku, pamene malo amene anasintha miyoyo ya mabanja ochuluka chotere anadutsa zaka zonsezo maso a kamera atatsinzina.

Referendamu ya pa 14 June 1993 inatsegula njira ya zipani zambiri, ndipo mu 1994 boma, mothandizana ndi bungwe la UNHCR, linasandutsa Dzaleka kukhala msasa wa anthu othaŵa kwawo. Malo okonzedwera anthu 10,000 kapena 12,000 tsopano akusunga anthu opitirira 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda, ena ku Ethiopia ndi Somalia. Zodabwitsa n'zakuti malo omwe aja osajambulidwa asanduka amodzi mwa malo ojambulidwa kwambiri m'boma la Dowa. Mabungwe othandiza amajambula, atolankhani amajambula, ndipo chiyambire 2014, pamene wandakatulo wa ku Congo Trésor Nzengu Mpauni, wodziŵika kuti Menes la Plume, anayambitsa chikondwerero cha Tumaini, alendo akhala akufika ndi mafoni awo m'manja.

Apanso funso lija la pa Mvera likubwera. Chithunzi cha bungwe chili ndi kopita, ndipo wopereka thandizo amafuna kuona mzere wa anthu olandira chakudya. Achinyamata obadwira mumsasamo, amene ambiri amalankhula Chicheŵa ngati inu ndi ine, akagwira foni amaloza kwina: msika, tchalitchi, malo ometera, mpira, njira zopapatiza pakati pa nyumba za zidina, dzuŵa likuloŵa kuseri kwa mapiri. Nyumba za zidina zimenezo sizidzakhalitsa kuposa nkhokwe za Msyamboza. Mvula imazigwetsa, eni ake amasamuka, ena amamanga pomwepo. Amene akujambula lero akusunga maonekedwe a mudzi waukulu umene pakapita zaka makumi aŵiri udzakhala wina. Kwa mlendo wochokera kunja kwa msasa, lamulo la ulemu ndi lomwe lija la kumudzi: muyambe mwaonekera kwa oyang'anira malo, ndipo musajambule nkhope ya munthu musanampemphe. Ena mwa anthuŵa anathaŵa adani amene akali moyo, ndipo chithunzi choikidwa pa Facebook chimafika kutali kuposa kumene mwini wake anathaŵa. Chimodzimodzinso kumudzi, manda ndi dambwe si malo oloŵamo ndi kamera popanda mawu a mfumu.

Mdani wa zithunzi zakale ndi chinyezi, chiswe ndi kuiŵala, ndipo woopsa ndi wachitatuyu. Ku nkhokwe ya zakale ya dziko lino ku Zomba, imene inayamba mu 1947, ndi ku laibulale ya Society of Malawi m'nyumba ya Mandala ku Blantyre, chithunzi chimene chimathandiza wofufuza ndi chija chonena kuti pano ndi pati, ndi liti, ndipo aŵa ndi ayani. Chopanda mawu chimangokhala phiri lina lake ndi anthu ena ake. Ngati m'sutikesi ya agogo muli zithunzi, khalani nawo pansi akali ndi maso, mulembe kuseri ndi pensulo, pakuti inki imadutsa pepala, dzina la mudzi, la mtsinje, la phiri ndi chaka. Za m'foni n'zosalimba koposa, chifukwa foni ikagwera m'madzi kapena ikabedwa zimapita zonse tsiku limodzi. Zofunika muzitsukitse pa pepala.

Ndipo inu amene mukufuna kujambula mapiri aŵa, nthaŵi yabwino ndi April ndi May, mvula itangosiya, mpweya uli woyera ndipo mitsinje ikali ndi madzi. Pofika October utsi wa moto wa tchire ndi fumbi zimaphimba chigwa chonse, moti ngakhale mutaima pamwamba pa Ntchisi nyanja simuiona.