Sensa ya Okosijeni ndi Katalikitsidwe ka Mawaya Ake

Sensa ya okosijeni ndi kachipangizo ka msinkhu wa pulagi ya injini, kamene kamamangidwa pa paipi ya ekizozi ya galimoto yoyendera petulo, ndipo ntchito yake ndiyo kuyesa mpweya wa okosijeni umene watsala mu utsi wotuluka mu injini, n'kutumiza uthengawo pa waya kufikira ku kompyuta ya galimoto, kuti iyo idziwe ngati iwonjeze petulo kapena imuchepetse. Anakonza chipangizochi ndi a kampani ya Bosch ya ku Germany, ndipo mu 1976 a Volvo a ku Sweden ndiwo anayamba kuchiika m'galimoto zawo. Lero Sienta, Probox, Vitz ndi Freed zochokera ku Japan, zimene zimanyamula anthu ndi nsomba pakati pa boma la Mangochi, Monkey Bay, Namwera ndi Chiponde, zonse zili nayo sensa imeneyi, ndipo zambiri zili nazo ziwiri, ina kutsogolo kwa katalisiti, chosefera utsi cha pa ekizozi, ina kumbuyo kwake.

Kunsonga kwa sensa kuli dothi lootcha lotchedwa zirconia, limene mbali ina limakhudzana ndi utsi, mbali ina ndi mpweya wakunja, ndipo kusiyana kwa mipweya iwiriyi ndiko kumabala magetsi ochepa kwambiri: pafupifupi 0.1 volt pamene petulo wachepa, ndi 0.9 volt pamene wachuluka. Muyeso umene kompyuta imafuna ndi magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la petulo, poyesa kulemera, ndipo imakhala ikuwonjeza ndi kuchepetsa kosalekeza kuti isachoke pamenepo. Kwathu kuno ntchitoyi imakula ndithu, pakuti petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol wopangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, amene amasintha muyesowo pang'ono, ndipo sensa ndiyo imathandiza kompyuta kuwongola kusinthako. Koma dothilo silinena kanthu lisanatenthe kufika pa madigiri 300, nchifukwa chake m'kati mwa sensa zamakono anaikamo kotenthetsera ka magetsi. Pa mawaya anayi otuluka m'menemo, awiri ndi a kotenthetserako, awiri enawo ndi onyamula uthenga.

Kufunika kotalikitsa mawayawa kumabwera pamene ekizozi yasinthidwa. Galimoto za ku Japan anazipangira misewu yosalala, ndipo zikamayenda zitasenza katundu m'njira za fumbi zopita kumadooko, kapena kulowera ku Makanjira m'nyengo ya dzinja, mimba yake imakhula pansi, paipi n'kuphwanyika kapena kudyeka ndi dzimbiri. Mwini galimoto amapita kwa owotcherera, amene amadula pabwino, nalumikiza paipi ya galimoto ina, naboola bowo la sensa pamene dzanja lafikira. Ndipo popeza waya wa kufakitale anauyesa wokwanira ndendende, osatsalako, umapezeka kuti waperewera. Ena amaukoka mpaka kufika, nuduka m'kati injini ikagwedezeka. Ena amaudula pakati, napotokolera waya wa wailesi, nakulunga tepi yakuda, imene kutentha kwa ekizozi pamodzi ndi dzuwa la kunyanja la mwezi wa Okutobala zimaisungunula msanga. Ntchito yotere pamaso imaoneka yatha, koma ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chofunika kuchidziwa koposa zonse ndi chakuti waya wotuluka mu sensa sufanana ndi mawaya ena a m'galimoto. M'sensa zambiri mpweya wakunja uja, umene dothi limayerekezera nawo utsi, umalowa podzera m'timipata ta pakati pa tinthambo ta wayawo, kotero kuti mtovu wowotcherera, mafuta, girisi kapena guluu zikatseka timipatato, sensa imayamba kunena zabodza ngakhale ili yatsopano. Ndiponso tinthamboto si ta kopa wamba ayi, koma ta chitsulo chopirira moto, chimene mtovu sugwirapo bwino. Pa chifukwa ichi amisiri odziwa salumikiza kumbali ya sensa, koma kuseri kwa soketi, ku mawaya a galimoto, amene ndi a kopa, ali kutali ndi moto, ndipo sapitamo mpweya. Njira yoposa zonse ndiyo kupeza chingwe chopangiratu chokhala ndi masoketi kuno ndi uko, pakuti pamenepo sipadulidwa kanthu. Chikasowa, soketi ziwiri zochotsedwa pa galimoto yophwasula ya mtundu womwewo zimapanga chingwe chotere.

Kumene kudula sikungapeweke, mmisiri amayamba wachotsa waya wa batire, nadula mawayawo umodziumodzi, kulumikiza uwu asanakhudze unzake, kuti asasokonezeke. Ndipo mfundozo sazindandalika malo amodzi, koma amazitalikitsa motsatana kuti zisakhudzane. Waya wowonjezera ukhale wonenepa ngati wakalewo kapena kuposerapo pang'ono, makamaka wa kotenthetsera kaja, kamene kamakoka magetsi ambiri. Nsonga ziwiri amazilowetsa m'kachitsulo kobowoka, nazifinya ndi pulayala yofinyira mpaka waya usatuluke ngakhale ataukoka ndi dzanja, kenako navekapo kapaipi ka pulasitiki kamene kamafota kakatenthedwa, kuti madzi a m'zithaphwi asalowe. Mitundu ya mawaya isapusitse munthu: pa sensa za Bosch oyera awiri ndi otenthetsera, wakuda ndi wa uthenga, wotuwa ndi wa nthaka yake, pa za Denso, zimene zili m'galimoto zambiri za Toyota, akuda awiri ndiwo otenthetsera, wabuluu ndi wa uthenga, woyera ndi wa nthaka. Kumbali ya galimoto mitunduyo imasinthanso. Safunsa anadya phula. Kuyesa ndi mita, kapena kuona chojambula cha mawaya a galimotoyo, sikuchotsa ulemu wa mmisiri.

Njira imene waya wadutsa nayonso ndi nkhani. Usagone pa ekizozi, usayandikire mawaya a mapulagi kapena shafuti yozungulira, umangidwe m'mwamba kumene miyala ndi ziputu sizifika, ndipo usiyidwe wolendewera pang'ono, popeza injini ndi ekizozi zimagwedezeka pamene thupi la galimoto lili chete. Bowo la sensa, limene mazinga ake ndi a M18 ndipo sensayo imamangidwa ndi sipanala ya 22, liboolewe chakumtunda kwa paipi, pakuti madzi amene amachita thukuta m'ekizozi m'mamawa amatsikira pansi, ndipo akagwera dothi lotentha limasweka. Powotcherera sensa ichotsedwe kaye, ndipo pasatsale pobowoka kutsogolo kwake, chifukwa mpweya wolowera pamenepo umanamiza kompyuta kuti petulo wachepa.

Kulumikiza kukalakwika, nyali ya Check Engine imayaka, ndipo makina oyezera amaonetsa manambala monga P0135, imene imanena za kotenthetsera ka sensa yakutsogolo. Kompyuta ikasowa uthenga woona imathira petulo mongoyerekeza, kawirikawiri wochuluka, ndipo zotsatira zake ndi mapulagi akuda mwaye, utsi wonunkha, katalisiti yopsa, ndi ndalama zothera pa pampu, zimene woyendetsa Sienta wokwera mapiri a ku Namwera tsiku ndi tsiku amazimva msanga. Galimoto zambiri zatsopanopo za Toyota ndi Honda zili ndi sensa yakutsogolo ya mtundu wina, yoyesa ndi timagetsi tochepetsetsa, ndipo imeneyo siipirira konse mfundo yolobodoka. Kutalikitsa waya sikubwezera katalisiti imene yachotsedwa, monga ena amachitira pofuna kugulitsa platinum, palladium ndi rhodium za m'kati mwake. Sensa yakumbuyo idzaululabe ndi nambala ya P0420, ndipo utsi wa poizoniwo adzaupuma ndi anthu oimirira pa depoti. Inu eni galimoto, musanalipire ntchito ya ekizozi, pemphani mmisiri akuonetseni pamene walumikiza mawayawo, ndipo muone ndi maso anu kuti nyali ija yazima injini ikulira.