Mawu akuti mtumiki tawakweza pampando

Pa makoma a magolosale a pa Mitundu, ngakhalenso pa mitengo ya m'mbali mwa msewu wa M1 pa Nathenje, sipasowa pepala loitanira anthu ku msonkhano wa chitsitsimutso. Pakati pamakhala nkhope ya bambo wa suti, ndipo patsogolo pa dzina lake pamalembedwa kuti Mtumiki wa Mulungu. Tsikulo likafika, mtumikiyo amatsika m'galimoto ali chimanjamanja. Wina wamunyamulira Baibulo, wina chikwama, wina wathamanga kukapukuta mpando. Ulemuwo sindikudana nawo ayi, kwathu kuno mlendo timamulandira katundu. Chondivuta n'chakuti mawuwo tawaimika chadodolido.

Tsinde lake ndi kutuma. Mayi amatuma mwana kuchigayo, ndipo mwana amene sanyinyirika akatumidwa timati ndi wotumika. Mtumiki, utumiki ndi kutumikira zonse zaphuka pomwepo. Ndiye kuti mawuwa sayenda okha: pamwamba pali wotuma, kutsogolo kuli wolandira thandizo. Wina atanena kuti "mayi akuphikira" n'kukhala chete, tonse tingafunse kuti akuphikira yani. Koma lero timamva kuti "abusa akatumikira ku Nathenje Lamulungu likubwerali", osafunsa kanthu, chifukwa kutumikira kwasanduka dzina lina la kugwira maikolofoni. Ena mpaka amati "utumiki wanga" akutanthauza bungwe lokhala ndi chikwangwani ndi akaunti ya kubanki.

Amene anamasulira Buku Lopatulika, lomwe linatuluka mu 1922 motsogozedwa ndi William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, anakumana ndi mawu awiri a Chigriki. Loyamba, diakonos, limanena za munthu woperekera zakudya ndi wotumidwatumidwa. Ili analitcha mtumiki. Lachiwiri, doulos, limanena za munthu wogulidwa, wopanda ufulu wokana. Apa akanatha kufewetsa, koma analemba kuti kapolo. Tikumbuke kuti masiku amenewo nkhalamba zimene zinaona anthu ali m'magoli pa ulendo wa kwa Jumbe ku Nkhotakota zinali zikadali moyo. Pamene mishoni inkakhazikika ku Nkhoma mu 1896, anthu a mfumu Mazengera ankakhala m'phiri poopa nkhondo. Kwa anthu otere, mawu akuti kapolo ankanunkha thukuta ndi misozi, ndipo ndi mawu omwewo amene anawamva Paulo akudzitcha nawo pa Aroma 1:1, namvanso pa Afilipi 2:7 kuti Yesu mwini anatenga maonekedwe amenewo. Mariya nayenso pa Luka 1:38 akudzitcha mdzakazi.

Pa Marko 10:43-44 mawu awiriwa aikidwa motsatizana, ndipo makwerero ake ndi otsika: wofuna ukulu akhale mtumiki, wofuna kuposa pamenepo atsikenso akhale kapolo. Ife tatola mawu ofewawo n'kuwaveka tayi. Enawo tangowasiyira pemphero la asanayambe ulaliki, paja timati Mulungu adzoze kapolo wake, kenako kapoloyo n'kukadya yekha nkhuku m'nyumba anzake akudya nyemba pabwalo. Papepala lija sindiyembekeza kudzaonapo mawu akuti kapolo.

Chosangalatsa n'chakuti matchulidwe oyenera sanafe. M'mipingo ya Sinodi ya Nkhoma mukamva kuti akulu a mpingo ndi atumiki atsalire, atumikiwo ndi aja amayenda ndi mbale ya zopereka, kusonkhanitsa chimanga cha masika ndi kudziwa khomo limene kuli wodwala kapena wamasiye. Udindowo ambiri amaugwirizanitsa ndi Machitidwe 6, pamene amuna asanu ndi awiri anasankhidwa chifukwa amayi ena amasiye ankadumphidwa pogawa chakudya. Nkhani yake inali ya m'mbale, osati ya paguwa. Akatolika a ku Mlale nawo chaka chilichonse pa Lachinayi Loyera amaona wansembe atagwada n'kusambitsa anthu mapazi, monga pa Yohane 13. Mchewa safunika kumufotokozera zambiri apa, poti amadziwa amene amagwada ndi beseni kuti alendo asambe m'manja: si mwini mudzi.

Wina anena kuti chinenero chimasintha, tisiyeni. N'zoona, ndipo mawu ambiri asintha popanda wovulala. Koma awa akasintha, mwana wa Sande Sukulu adzawerenga Marko uja n'kumva kuti wofuna ukulu akhale bwana wa mpingo, vesi lonse n'kukhala lopanda mutu.

Chichewa sichikusowa mayina. Wolalikira ndi mlaliki, woweta mpingo ndi mbusa, woyambitsa mpingo wake tingomutcha mtsogoleri, ndipo ulemu wonse timupatse ndi "a" wathu uja. Tikafuna kunena kuti wina akutumikira, titchule amene akumutumikirayo. Amayi a Chigwirizano amene achezera pa maliro akutumikira anamfedwa. Adzukulu amene alawirira kumanda ndi makasu akutumikira mudzi. Mtsikana amene wagona pansi pa bedi la agogo ake kuchipatala cha Mitundu akutumikira agogowo, ngakhale sanaimepo paguwa.